Kusankha multimeter ku Joni: yotchipa, yapakati kapena Fluke?

Amalawi ambiri amene timagwira za magetsi kuno ku Johannesburg tinaziyamba mosakonzekera. Wina anabwera kudzasamala munda ku Randburg, tsiku lina mota ya geti yakana, abwana n'kumufunsa ngati angaione. Wina anayamba ndi kunyamula mapanelo pakampani yoika sola, pano ndiye akulumikiza mawaya. Ena anaphunziradi ku Soche Technical College kapena ku Lilongwe Technical College, anabwera ndi mapepala awo. Onsewa tsiku lina amafunsa funso limodzi la chipangizo choyezera magetsi: ndigule multimeter iti?

Musayambe ndi mtengo, komanso musayambe ndi mndandanda wa zinthu zimene pabokosi alemba kuti imayeza. Yambani ndi malo amene nsonga zake zizikagunda. Yoyezera batire la galimoto ndi yoyezera mu DB ya nyumba (bokosi la mabuleka) zimaoneka zofanana pashelefu, zonse zimaonetsa manambala abwinobwino. Kusiyana kwake kumaoneka tsiku limene china chake chalakwika, ndipo tsiku limenelo chipangizocho chimakhala chili m'manja mwanu.

Zoyang'ana musanatulutse ndalama

Choyamba ndi CAT, gulu la chitetezo lolembedwa pa multimeter. Magetsi a m'nyumba kuno ndi 230V, 50Hz, chimodzimodzi a ESCOM kumudzi, ndipo pa three-phase pamakhala 400V pakati pa ma phase awiri. Kuonetsa 230 pagalasi si nkhani, iliyonse imatha. Choopsa ndi mphamvu yadzidzidzi imene imadutsa m'mawaya mwa kuphethira kwa diso: mphenzi ikagwa pafupi, magetsi akamabwerera atazima, kapena mota yaikulu ikazimitsidwa. Amene mwakhalako dzinja limodzi kuno mukudziwa ziphaliwali za masana kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Muyezo wa IEC 61010 unagawa malo motere: CAT II ndi zinthu zopulagidwa pa soketi, CAT III ndi DB, mawaya a m'khoma, giza, sitovu, mamota olumikizidwiratu, CAT IV ndi pamene magetsi akulowera kuchokera kwa City Power kapena Eskom, ndi mawaya a panja. Ya CAT II 600V imayesedwa ndi 4,000V yadzidzidzi, ya CAT III 600V ndi 6,000V, ya CAT IV 600V ndi 8,000V. Apa ambiri amanyengedwa ndi nambala yaikulu: mu DB, ya CAT III 600V ndi yotetezeka kuposa ya CAT II 1000V, chifukwa mayeso a CAT III amachitika ndi mphamvu yochuluka kumbuyo kwake.

Koma kulemba CAT III papulasitiki n'kosavuta, fakitale iliyonse ingalembe. Chizindikiro cha CE amadziikira okha opangawo. Zimene zili ndi tanthauzo ndi UL, CSA, TÜV kapena ETL, chifukwa zimasonyeza kuti anthu ena apadera anaiyesa.

Chachiwiri ndi fyuzi, ndipo apa ndichedwapo. Ngozi yofala kwambiri pa multimeter imachitika chonchi: munthu wayeza ma amp, waya wofiira watsala m'bowo la A loyezera ma amp, foni yalira, wabwerera, n'kukagunda live ndi neutral kuti aone ma volt. Bowo la A mkati mwake ndi njira yongodutsa, pafupifupi ziro ohm. Ndiye kuti wapanga shoti ndi manja ake. Chimene chingamupulumutse panthawiyo ndi fyuzi yokha. Fyuzi yoyenera ndi ya HRC, yonenepa, ya dongo loyera, yodzazidwa mchenga mkati kuti uzimitse moto, yolembedwa 600V kapena 1000V, yotha kudula ma amp masauzande ambiri. Kafyuzi kagalasi ka 250V, kofanana ndi ka mu wailesi, kamatha kuphulika moto n'kupitirizabe kudutsa. Ndipo alipo ma multimeter amene bowo lawo la 10A lilibiretu fyuzi.

Chachitatu ndi True RMS, kutanthauza kuyeza AC molondola ngakhale magetsi asakuyenda mosalala. Kale sizinali zofunika kwenikweni kwa munthu wa nyumba ndi nyumba. Zaka za load shedding, makamaka 2022 ndi 2023, zinadzaza mainveta, majenereta ndi ma UPS m'nyumba za anthu. Multimeter wamba imawerengera poganiza kuti magetsi akuyenda mosalala ngati a Eskom. Mukaiika pa inveta yotchipa ya modified sine wave, kawirikawiri imaonetsa ma volt ochepa kuposa enieni, inu n'kuuza kasitomala kuti inveta yake yafa pomwe ili bwinobwino. Chimodzimodzi pa ma dimmer ndi pa ma drive oyendetsa mamota.

Chachinayi ndi LoZ. Multimeter yabwino imakoka magetsi ochepa zedi poyeza, chifukwa mkati mwake muli 10MΩ. Zimenezi n'zabwino pa ma board, koma mu paipi ya mawaya zimasokoneza. Waya wosalumikizidwa kulikonse, akangogona pafupi ndi wa live kwa mamita angapo, amatha kuonetsa 40V, 70V, ngakhale kuposa. Amene munakonzapo switch ya two-way pamasitepe munaziona. Mukatembenuzira pa LoZ, multimeter imaika kakatundu pawayapo, ma volt abodzawo amagwa n'kufika pa ziro, enieni amatsala. Chenjerani chabe kuti LoZ pakati pa live ndi earth imatha kugwetsa buleka ya earth leakage ya 30mA, nyumba yonse n'kuzima madamu ali pa msonkhano wa pa kompyuta.

Zina n'zachidule. Belu la continuity, losonyeza kuti waya sunaduke, lizilira nthawi yomweyo mukagundanitsa nsonga. Lochedwa limatopetsa mukamasaka waya pakati pa mawaya 20. Ngati mumakonza mapampu a swimming pool, mafani kapena mafiriji, izikhala yoyeza capacitor. Ngati ndinu wa magalimoto, izikhala ndi mA. Galasi likhale lowala, chifukwa ntchito ya giza imachitikira m'denga mwa mdima. Mawaya oyezera nawonso ali ndi CAT yawo. Multimeter ya CAT III yokhala ndi mawaya osweka khungu yasanduka yopanda CAT.

Mitengo ili m'munsiyi ndi yapafupifupi, chifukwa zambiri mwa zipangizozi zimachokera kunja ndipo zimakwera ndi kutsika limodzi ndi rand.

1. Yachikasu yotchipa, mtundu wa DT830 ndi abale ake

*Mtengo.* R100 mpaka R200, nthawi zina batire lili momwemo.

*Kupezeka.* Paliponse: China Mall, Dragon City, mashopu ang'onoang'ono a hardware ku Mayfair, Rosettenville, Diepsloot. Dzina limasintha, mkati ndi chimodzimodzi.

*Kasamalidwe.* Palibe chosamala, ikafa mumataya. Mawaya ake ndi opyapyala ndipo amaduka pakhosi pa nsonga. Zambiri sizizima zokha, mukaiwala usiku umodzi batire la 9V latha. Choipa kwambiri n'chakuti batire likamafooka, manambala amakwera m'malo moti ingozima. Batire la geti lotheratu limatha kuoneka ngati lamoyo, inu n'kuyamba kukayikira board yosalakwa.

*Zoopsa.* Yang'anani pafupi ndi bowo la 10A, zambiri alembapo okha kuti unfused, kutanthauza kuti mulibe fyuzi. Bowo la mA lili ndi kafyuzi kagalasi. Njira za mkati ndi zoyandikana kwambiri moti mphamvu yadzidzidzi imalumpha. Muyenera kusankha range nokha, ndiye mukaiwala pa ohm n'kugunda 230V, yatha. Komabe sindiinyoza. Pa 12V ndi 24V imayeza bwino kuposa momwe mtengo wake ukuonekera, ndipo ambiri tinaphunzirira pomwepo. Malire ake ndi amenewo: isalowe mu DB.

2. Zapakati: Major Tech, UNI-T ndi zina

Apa ndi pamene Amalawi ambiri ogwira maganyu amathera, ndipo ndi pamenenso pafunika maso, chifukwa dzina limodzi limakhala ndi zidole ndi zida zenizeni pashelefu imodzi.

*Mtengo.* Kuyambira cha m'ma R500 mpaka R2,000. Pansi pa R500, ngakhale dzina likhale lodziwika, nthawi zambiri mukugula m'bale wake wa DT830 wovala jekete la labala. True RMS, kusankha range yokha, capacitor ndi CAT III 600V zimayamba kupezekera pamodzi mukamayandikira R1,000.

*Kupezeka.* Major Tech ndi kampani ya konkuno, ndipo katundu wake ali ku Builders, komanso ku mawholesale a zamagetsi monga Voltex, ARB ndi ACDC. UNI-T ndi ya ku China, imapezeka pa Takealot ndi m'mashopu ogulitsa zipangizo za ma electronics. Kugula ku wholesale kuli ndi ubwino umodzi umene pa intaneti mulibe: mungapemphe kuti akutsegulireni bokosi, muigwire, mumve belu, muone fyuzi imene alemba kumbuyo.

*Kasamalidwe.* Apa Major Tech imapambana. Mawaya atsopano ndi mafyuzi mumawapeza pakauntala yomwe munagulayo, ndipo ikavuta isanathe waranti muli ndi kobwezera, bola lisiti musataye. Za UNI-T zimadalira amene anakugulitsani. Mafyuzi a mitundu ina ndi a msinkhu wosowa. Funsani tsiku logula, osati tsiku lomwe yapsa. Mawaya obwera nawo m'bokosi amakhala a pulasitiki yolimba, m'nyengo yozizira ya Juni amauma ngati ndodo ndipo amasweka. Kugula a silicone padera ndi ndalama yosatayika.

*Zoopsa.* Si zonse zolembedwa CAT III zimene zili ndi chizindikiro cha oyesa apadera. Zina zili ndi HRC pa 10A koma kagalasi pa mA. Palinso gulu la ma multimeter ang'onoang'ono okongola a pa Temu ndi AliExpress, a manambala ambiri, agalasi la mitundu, otchipa modabwitsa. Patebulo pokonzera mafoni ndi ma TV amayeza molondola ndithu. Chitetezo chawo pa 230V ya mu DB n'chimene palibe wapadera anachitsimikiza, ndipo akapsa palibe woti mukamufunse.

3. Brymen

Dzina ili silimveka kwambiri pakati pathu, koma ine ndimaliika patsogolo kwa munthu amene magetsi ndiye ntchito yake ya tsiku ndi tsiku koma Fluke sangaifikire. Ndi kampani ya ku Taiwan imene imapangiranso makampani ena. Kuno mitundu yambiri ya HellermannTyton yoyamba ndi TBM ndi ya Brymen.

*Mtengo.* Kuyambira cha m'ma R2,000 kukwera, malingana ndi mtundu. Pa zinthu zofanana, imakhala pansi pa Fluke ndithu.

*Kupezeka.* Simuipeza pa hardware ya pakona. Funsani ku mawholesale za TBM. Ngati ilibe pashelefu amaitanitsa. Mtundu wa BM235, wotchuka kunja, nthawi zambiri umafuna kuitanitsa pa intaneti.

*Kasamalidwe.* Mafyuzi a HRC a 1000V, odula koma opezeka. Thupi lolimba, silimafuna zambiri.

*Zoopsa.* Zochepa. BM235 ndi True RMS, CAT III 600V ndi CAT IV 300V, ili ndi chizindikiro cha UL, ili ndi LoZ, ndipo imalira mukasiya waya m'bowo la A pomwe mwatembenuzira pa ma volt. Kulira kumeneko kokha ine ndingakulipirire. Kufooka kwake kuli pogulitsanso: tsiku limene mwapanikizika ndi lendi, Fluke imagulidwa msanga, Brymen anthu amayamba afunsa kuti ndi chiyani.

4. Fluke yatsopano

Kampani ya ku America, inayamba mu 1948, ndipo m'mafakitale ndi m'migodi ya kuno ndi imene amaidalira. Koma musangomva dzina. Fluke si imodzi.

Fluke 101 ndi kakang'ono kolowa m'thumba la shati, CAT III 600V, koma sikayeza ma amp ndipo si True RMS. Kusowa kwa bowo la A kuli ndi ubwino wake, ngozi ya shoti ija siingachitike. Fluke 15B+ ndi 17B+ zimayeza ma amp, koma nazonso si True RMS. Fluke 115 ndi True RMS, CAT III 600V. Fluke 117 ndi yomweyo kuonjezapo LoZ ndi kutha kumva waya wa live popanda kugunda, ndipo inapangidwira amagetsi a m'nyumba. Ilibe range ya mA, choncho wa magalimoto ndi wa ma board imupereweza. Fluke 179 ndi 87V ndi CAT III 1000V ndi CAT IV 600V. Ya 87V ili ndi sefa yoyezera mamota oyendetsedwa ndi drive, komanso imalira waya ukakhala m'bowo lolakwika.

*Mtengo.* 101 ili pakati pa R1,000 ndi R2,000. 117 imapitirira R5,000. 87V imapitirira R10,000, ndalama yoti ena atumiza kumudzi n'kugula malata a nyumba.

*Kupezeka.* Comtest ndiwo amaimira Fluke kuno. Imapezekanso ku RS ndi ku mawholesale akuluakulu. Mukaona 117 yatsopano m'bokosi pa theka la mtengo, chokani.

*Kasamalidwe.* Imagwa pamakwerero n'kudzuka ikugwirabe ntchito, imakhala zaka zambiri manambala osasuntha. Ya 117 ili ndi waranti ya zaka 3, za 179 ndi 87V zili ndi waranti yaitali kwambiri. Fyuzi za Fluke ndi 440mA ndi 11A za 1000V, ndipo imodzi yokha imatha kukwera mtengo kuposa DT830 yathunthu. Pamenepa ndi pamene anthu amayesedwa kuikamo yotchipa. Mukatero mwagula dzina, chitetezo mwachitaya. Makampani akuluakulu akafuna satifiketi ya calibration, yotsimikizira kuti ikuyeza molondola, mumapita nayo ku labu yovomerezedwa ndi SANAS, bungwe lovomereza malabu kuno, kawirikawiri kamodzi pachaka, ndipo ndi ndalama ina.

*Zoopsa.* Choopsa chachikulu cha Fluke ku Joni ndi kubedwa. Jekete lachikasu lija limadziwika patali, pasaiti, mu taxi, pa bakkie yoimikidwa. Amene mumayenda wapansi ndi chikwama kudutsa pokwerera taxi pa Bree kapena Noord, muganizirepo kawiri musanaike malipiro a mwezi wathunthu m'chipangizo chimodzi. Lembani serial number penapake, jambulani lisiti.

5. Fluke ya kaunjika

*Mtengo.* Nthawi zambiri theka la yatsopano kapena kuchepera.

*Kupezeka.* Cash Crusaders, Cash Converters, Gumtree, Facebook Marketplace. Zimadalira mwayi, mutha kuyenda mwezi osaiona, kenako kupeza ziwiri tsiku limodzi.

*Kasamalidwe.* Waranti iwalani. Werengeranitu mtengo wa mawaya atsopano ndi mafyuzi awiri pamwamba pa mtengo wogulira, kenako muone ngati ikadali yotchipa.

*Zoopsa.* Zilipo zitatu: yabodza, yobedwa, ndi yochitidwa opaleshoni. Musagule musanayese. Tengani batire latsopano la 1.5V ndi la 9V, resistor imodzi yomwe mukuidziwa, ndipo pemphani soketi. Gundanitsani nsonga pa ohm, ionetse pafupi ndi ziro, ndipo mukagwedeza mawaya nambala isavine. Poyesa fyuzi, ikani pa ohm, waya wofiira ukhale m'bowo la V, nsonga yake muilowetse m'bowo la A: nambala yaing'ono ndiye kuti njira ilipo, galasi likalemba OL ndiye kuti fyuzi inapsa. Koma mayeso amenewa sakuuzani ngati mkatimo muli fyuzi kapena kachidutswa ka waya wa kopa kamene wina anakulungapo. Muyenera kutsegula kumbuyo. Mukaona mwaye, fungo la kupsa kapena solder yatsopano pafupi ndi mabowo, bwezani. Wogulitsa wokana kuti mutsegule wakuyankhani kale.

Za kubedwa, tiyeni tinene zoona, achimwene. Mlendo akapezeka ndi katundu wolembedwa dzina la kampani ina, nkhani yake imakula msanga kuposa ya mwini dziko. Mashopu a kaunjika olembetsedwa amakakamizidwa ndi lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 kulemba za amene anawagulitsa katunduyo, ndipo amakupatsani lisiti. Munthu wokumana naye pa garaji ya petulo sakupatsani chilichonse. Yofufutidwa serial number isiyeni, ngakhale akutsitsireni bwanji.

6. Clamp meter

Ambiri amaiona ngati yoonjezera. Kwa wa nyumba ndi nyumba, ine ndimati ikhoza kukhala yoyamba. Taonani giza. Element ya 3kW pa 230V imakoka pafupifupi 13A, kupitirira bowo la 10A la ma multimeter ambiri. Ndi clamp, mumangokola waya umodzi osadula chilichonse: 13A ndiye kuti element ikugwira, ziro pomwe 230V ikufika pa element ndiye kuti yaduka. Mukazimitsa buleka ndi isolator n'kuyeza ohm, element ya 3kW yabwino imaonetsa pafupifupi 17.6Ω, ya 2kW pafupifupi 26Ω, ya 4kW pafupifupi 13Ω. Kolani waya umodzi basi; mukakola live ndi neutral pamodzi zimafafanizana, imaonetsa ziro.

*Mtengo.* Ya AC yokha imayambira cha m'ma R500. Yoyeza AC ndi DC imakwererapo, kuyambira cha m'ma R1,000. Za Fluke, monga 323 ya AC yokha ndi 325 ya AC ndi DC, ndi masauzande angapo.

*Kupezeka.* Komwe kuli ma multimeter apakati ndi odula, iliko.

*Kasamalidwe.* Pakamwa pake pazikhala poyera ndipo pazitsekeka bwino; kafumbi kapena kugwa kamodzi kamasokoneza manambala. Ya DC imafuna kudina ziro nthawi iliyonse musanayeze.

*Zoopsa.* Zambiri zilibe bowo la A, ndiye ngozi ija yachoka. Kufooka kwake ndi pa ma amp ang'onoang'ono ndi pa ntchito ya ma board. Onaninso CAT: UT210E ya UNI-T, imene anthu a magalimoto ndi a mabatire amaikonda chifukwa ndi yaing'ono ndipo imayeza DC mpaka 100A, ndi CAT III 300V chabe. Si ya three-phase.

Zimene zonsezi sizingachite

Multimeter, ngakhale ya R10,000, imayeza ohm ndi ma volt ochepa a batire lake. Element kapena waya wotayira magetsi ku earth amatha kuoneka wabwino pa multimeter koma n'kumagwetsabe earth leakage; chimene chimamugwira ndi insulation tester ya 500V, imene ambiri amati megger. Kuyesa earth leakage ndi loop kulinso ndi zida zake. Ndipo CoC, satifiketi yotsimikizira kuti mawaya a nyumba aikidwa motsatira malamulo, amalemba ndi munthu wolembetsedwa ku Department of Employment and Labour, motsatira SANS 10142-1. Kukhala ndi Fluke sikukupatsani mphamvu imeneyo.

Malo awiri musafikeko ndi multimeter iliyonse: mpanda wa magetsi, umene umatulutsa ma volt masauzande angapo ndipo uli ndi choyezera chakechake, ndi mkati mwa microwave, momwe transformer imafika pa 2,000V ndipo capacitor imatha kusunga mphamvu mutazula pulagi.

Ndipo iliyonse imene mwagula, musanagwire waya ndi dzanja yesani katatu: poyamba pamalo pomwe mukudziwa kuti pali magetsi, kenako pawaya mukufuna kugwirayo, kenako mubwererenso poyamba paja. Waya woyezera woduka mkati amaonetsa ziro mofanana ndendende ndi waya wozimitsidwa. M'nyumba za sola kuzimitsa main ya City Power sikutanthauza kuti DB yafa, inveta ikudyetsabe mbali ina.

Ndiye yanu ndi iti?

Ngati ntchito yanu ndi ya m'munda kapena ya ulonda, ndipo mumangofuna kuona batire la geti, la alamu kapena la galimoto ya abwana, yotchipa ikukwanirani. Batire la 12V lodzaza, litapuma, limaonetsa 12.6V kapena kupitirirako pang'ono. La geti likamachajidwa limaonetsa cha m'ma 13.6V mpaka 13.8V. Sinthani batire la multimeter yanu msanga, ndipo za mu DB siyirani ena.

Wokonza mafoni, ma TV ndi ma amplifier patebulo, UNI-T yapakati yokhala ndi mA, µA, diode ndi capacitor ikupatsani zambiri pa ndalama zochepa. CAT IV kwa inu ndi kulipira zosafunika.

Wa magalimoto, tengani yapakati yokhala ndi mA ndi fyuzi pa 10A, kuti muzisaka chimene chikumaliza batire usiku, muonjezepo clamp yaing'ono ya DC. Alternator yabwino imapereka 13.8V mpaka 14.4V injini ikulira.

Wa maganyu a m'nyumba, magiza, masitovu, masoketi ndi magetsi a panja, musatsike pansi pa True RMS, CAT III 600V ndi mafyuzi a HRC. Ngati m'thumba muli R1,500 yokha, gulani clamp meter ya True RMS ya Major Tech yokhala ndi ma volt, ohm ndi belu, multimeter idzabwera pambuyo. Ndalama ikalola, Brymen kapena Fluke 117. Ndinu amene mumaitanidwa akuba akadula neutral ya mumsewu, nyumba ina ikulandira pafupifupi 400V mababu akuphulika, ina ikulandira zochepa firiji ikungong'ung'udza. Pa tsiku ngati limenelo mukufuna chipangizo choti chikanena 340V muchikhulupirire, muzimitse main, muimbire City Power.

Woika sola, 600V siikukwanirani. Panelo imodzi yamakono imatulutsa 40V mpaka 50V isanalumikizidwe ku katundu. Mukalumikiza 10 kapena 12 motsatana mwafika pakati pa 400V ndi 600V, ndipo m'mawa wozizira wa Julayi zimakwererapo. Mukufunika ya 1000V DC, CAT III 1000V, ndi clamp ya DC. Musayeze ma amp a panelo kudzera m'bowo la 10A: mapanelo akuluakulu a masiku ano amafika 13A kapena 14A, ndipo moto wa DC ukayamba suzima wokha ngati wa AC.

Wa m'fakitale ku Wadeville, City Deep kapena Kempton Park, pa three-phase ndi ma drive, 87V, 179 kapena Brymen ya CAT IV. Musanagule ndi ndalama zanu funsani kaye, chifukwa makampani ambiri amapereka zawo zokhala ndi calibration ndipo salola za m'thumba.

Amene mukusonkhanitsa zida zokayambira ntchito kumudzi, magetsi ndi omwewo a 230V, choncho chilichonse chogulidwa kuno chikagwira ku Limbe, ku Mzuzu kapena ku Mangochi. Sankhani yoyendera mabatire a AA, AAA kapena 9V amene mukawapeze pa grocery iliyonse, ikhale ya True RMS chifukwa kumeneko majenereta ndi mainveta ndi ochuluka, ndipo musanakwere basi gulirani konkuno mafyuzi a HRC awiri a msinkhu uliwonse ndi mawaya ena a silicone osungira.